Madiresi Anayi a Amayi

Lachinayi, pa 23 Okotobala.

Ndakhala kuseri kwa nyumba, pamthunzi wa nimu, kope lili pamaondo. Dzuwa la kuno ku Bangula lafika pamutu ndipo abale amene atsala pasiwa agona pamphasa, ena pakhonde, ena pansi pa ngolo. Amayi tinawaika Lachiwiri. Mawa m'mawa azimayi achapa zovala zawo n'kuzigawa kwa abale, monga timachitira kuno munthu akapita. Ine ndanena bodza limene liululike akangotsegula chikwama changa. Ndilembe kaye mmene zinayambira, mwina pakamwa pangapepuke.

Dzina langa litatuluka kuti ndasankhidwa kupita ku yunivesite ku Zomba, ndinauza amayi kuti sindipita. Iwo ankayesa ndikuopa za fizi. Ndinkaopa zovala. Ndinatengera thupi la amayi, chifuwa, chiuno, mikono, zonse, ndipo anyamata a kusekondale ankanditcha Mvuu ya ku Chiromo. Komabe yunifolomu inkandibisa. Tonse tinali siketi imodzi, bulauzi imodzi, ine ndinkangokhala kumbuyo kwa kalasi osaonekera. Ku yunivesite kulibe yunifolomu. Tsiku lililonse munthu amayenera kusankha mmene anthu amuonere.

Amayi atamva anaseka mpaka kutsamira khoma.

"Rozina, ine ndawamba milamba zaka zonsezi, maso kufiira ndi utsi, kuti iwe ukanire sukulu chifukwa cha nsalu? Nkhabe, sizitheka. Upita."

Tinazungulira kaunjika yense wa pamsika. Chilichonse chimene ndinkayesa chinkaima pamapewa kapena pantchafu. Bambo wina wogulitsa anandiyang'ana kuchokera kumutu mpaka kumapazi nati, "Mayi, saizi ya mwanayu imabwera imodzi pa belo, ndiye akazi a mabwana a kuesiteti amadzalanda kusanache." Ndinabwerera kunyumba ndi juzi imodzi yokha, ya amuna.

Patapita masiku atatu amayi anabwera ndi mtolo kuchokera kwa a Zuze, telala wa pakhonde la golosale. Munali madiresi awo anayi. Lobiriwira la maluwa achikasu, lofiira limene ankavala kuukwati, labuluu la kutchalitchi, ndi lina la madontho oyera. A Zuze anali atawadula m'munsi chifukwa amayi anali aatali kuposa ine, n'kuwabweza pang'ono m'chiuno. Onse anandikwana ngati anandiyeza.

"Nanga inu muzivala chiyani?" ndinafunsa.

"Iwe, bokosi lija ladzaza. Ndili ndi matupi angati oti ndivale zonsezo?"

Bokosi lawo lachitsulo linkakhala lokhoma pansi pa bedi. Sindinapemphe kuti ndione.

Tsiku loyamba ku Zomba ndinavala labuluu. Ndikufunafuna chipinda changa kuhositelo, mtsikana wina anandiimitsa mwaulemu, manja atagwira kumbuyo, nati, "Amayi, makolo akudikirira panja." Sankandinyoza ayi. Ankandithandiza. Chimenecho n'chimene chinandipweteka kwambiri. Sabata isanathe m'kalasi munali mutamveka dzina loti Mayi Busa, ndipo ndikalowa ena ankaimirira n'kuwerama. Ndinkamwetulira ngati nanenso zikundiseketsa. Nsima ndinkakadyera kuchipinda.

Wogona naye chipinda chimodzi anali Tadala wa ku Lilongwe, wathupi ngati ine, koma iye ankayenda ngati msewu anaugula. Tsiku lina anandipeza ndikulira, anatsegula kabati yanga n'kuima nthawi yaitali.

"Mtsikana iwe, thupi lako lilibe mlandu. Mlandu uli ndi makatani awa."

Anandiphunzitsa zinthu zimene ndimazitsatirabe, ndipo sindinganame kuti zinali zoipa. Anati munthu wathupi asamagule chovala chachikulu kuposa iye pofuna kubisala, chifukwa amangooneka ngati tenti. Anati ndipeze siketi yakuda imodzi yopitirira maondo, jinzi yotanuka yofika pamchombo, mabulauzi opanda maluwa, ndi kajekete kosamanga mabatani. Zimenezo ukazisinthanitsa sabata imatha anthu osadziwa kuti uli ndi zochepa. Anandipatsa lamba wake wopyapyala n'kundimanga pamwamba pa mimba. "Chiuno uli nacho, bwanji ukuchikwirira?" Anandiuzanso za kataiti kakafupi kovala mkati kuti ntchafu zisamakhuzane pokwera zitunda za ku Zomba. Ndinali nditapirira zilonda zimenezo kuyambira Sitandade 7, osauza munthu, ndipo mankhwala ake anali kansalu kotere.

Patchuthi cha miyezi yozizira sindinabwere kumudzi. Ndalama ya minibasi panalibe, komanso ndinali nditapeza ganyu kwa a Nachisale, mayi wogulitsa kaunjika mumsika waukulu. Ndinkamasula belo, kusankha, kusita. Ndinayamba kupatula zazikulu n'kuziika pambali, ndipo sukulu itatsegulidwa atsikana athupi ankabwera kudzafuna ine. Pakamwa panga pankalemerabe, koma ndikangoona msana wa munthu ndinkadziwa siketi yomukwana. Mtsikana wina atadziona pagalasi anandikumbatira. Aka kanali koyamba kuti thupi langali lithandize munthu.

A Nachisale ndi amene anayambitsa. "Madiresi ako akumudzi aja ukuwasungiranji? Azimayi a kutchalitchi angawakonde. Bwera nawo, utenge jinzi ndi jekete."

Sanandikakamize. Ndinawachapa, ndinawasita, ndinawapachika ndekha pachingwe. Sabata imodzi onse anali atapita. Lobiriwira linapita tsiku loyamba ine ndili kukagula chimanga chootcha, moti sindinaone nkhope ya wogula.

Amayi analibe foni. Lamulungu lililonse akaweruka kutchalitchi ankandiimbira pa foni ya a Malita, oyandikana nawo nyumba. Amayi ankafuula ngati Zomba ili pomwepa kutsidya kwa Shire.

"Mwacherwa, a dokotala!" Umenewo ndi moni wakwathu. Sindiphunzira za udokotala, koma iwo zimenezo sankazimva. "Kukuzizira? Lobiriwira lija uzivalira juzi pamwamba, n'lopyapyala."

"Ndimavalira, amayi."

"Undijambulire utavala, utumize pa foni ya a Malita. Azimayi akumsika akufuna aone."

"Kamera ya foni yanga yasweka."

"Ubwereke ya mnzako."

"Chabwino, sabata yamawa."

Anapempha Lamulungu zinayi. Kenako anasiya kupempha, ndipo ine ndinapuma. Lero ndikudzifunsa ngati anasiya chifukwa choiwala.

Kumayambiriro kwa mwezi uno, masana dzuwa likuswa mtengo, ndinaona amayi mumsika wa ku Zomba. Anali patsogolo panga pakati pa anthu, atasenza dengu, atavala lobiriwira la maluwa achikasu. Msana unali wawo. Mpendero wa a Zuze ndinauzindikira, ulusi wake unali wakuda chifukwa wobiriwira unawathera. Ndinasiya benchi popanda munthu n'kuwatsatira, kudutsa ogulitsa mbatata, kudutsa a nyemba, mpaka kudepoti. Pokwera minibasi anatembenuka. Anali mayi wina woyera, wa mpata kumano. Anandiyang'ana nati, "Mwana iwe, ukufuna chiyani?" Ndinangoyang'ana mpendero uja. Minibasi inanyamuka, diresi lili pawindo.

Patatha masabata awiri a Malita anaimba Lolemba, tsiku limene sankaimba. Anati amayi agwa pamsika akuyala nsomba, magazi anathamanga kwambiri, ndipo pofika kuchipatala anali atapita kale.

Ndinalongedza zimene zinali pafupi. Minibasi itayamba kutsika mapiri kulowera ku Chikwawa, kutentha kunalowa pawindo ngati mpweya wa pamoto, ndinavula kajekete kaja n'kukapinda pamiyendo. Ndinafika pamaliro nditavala siketi yakuda ndi bulauzi yoyera, monga Tadala anandiphunzitsira. Palibe anaziona. Mayi wina anangondikulunga chitenje m'chiuno n'kundilowetsa m'nyumba. Ndikudutsa pabwalo ndinamva kulira kukukwera kumbuyo kwanga, ndipo wina anati, "Mayo ine, taonani kumbuyoko, ndi Esinati yemwe!" Esinati ndi amayi. Kuyambira tsiku limenelo ndikapita kumjigo azimayi amaleka kupopa. Thupi limene ndakhala ndikulibisa moyo wanga wonse, kuno akulilirira.

Dzulo amayi aakulu, a Fatima, amene ndi akulu awo a amayi, anandiitana kuchipinda kuti titsegule bokosi. Kiyi anaipeza pachingwe chimene amayi ankavala m'khosi. Chivundikiro chitatseguka munatuluka fungo lawo, sopo ndi utsi wa nsomba. Munali zitenje ziwiri zothetheka, mpango wa kumutu, diresi limodzi labulauni lachigamba kukhwapa, ndi kamtolo komanga ndi luzi. Amayi aakulu anakamasula. Tinali tizidutswa tinayi timene a Zuze anadula m'munsi mwa madiresi aja, tobiriwira, tofiira, tabuluu, tamadontho, topindidwa bwinobwino.

"Zina zili kuti?" ndinafunsa.

"Zina ziti? Ndi zomwezi."

"Anati bokosi ladzaza."

Amayi aakulu anaseka misozi ili m'maso. "Mng'ono wanga ameneyu! Chaka chonse chino kutchalitchi ankapita ndi labulaunili. Kuchapa Loweruka, kuvala Lamulungu. Kuukwati wa mwana wa a Malita sanapite, anati mutu. Ife tikamuseka kuti Esinati, diresi limeneli lidzakuika m'manda, iye ankati, musandione chonchi, zovala zanga zili ku yunivesite, zikuphunzira. Msika wonse umadziwa. Anthu pogula nsomba ankamufunsa kuti madiresi akhoza mayeso?"

Ndinagwira tizidutswa tija osadziwa poyang'ana.

"Wabwera nawo, eti? Paja ndinauza a Malita kuti akuuze."

Anandiuzadi, pa foni pomwe paja, koma ine ndinamva ngati mawu a m'madzi.

"Eya," ndinatero. "Ali m'chikwama."

Sindikudziwa kuti liwu limenelo linatuluka bwanji. Ndimangodziwa kuti munthu wamkulu akandiyang'ana ndimavomera.

"Takhuta, zikomo mwananga. Chovala cha munthu wopita sichikhala kwina chisanachapidwe pamodzi ndi zinzake. Mwini wake amachilondola, sagona." Kenako anayamba kugawa ndi pakamwa. Lofiira la azakhali anga a ku Nyachikadza, amene awoloka ndi bwato ndipo akudikira zimenezi kuti abwerere. Labuluu la a Malita, chifukwa cha foni. Lamadontho likhale langa. "Lobiriwira ndi langa ine, asandilande munthu. Tinakagula limodzi nsalu yake ku Nsanje, iye ali ndi mimba ya iwe."

Ine ndimapemphera, ndipo sindidziwa ngati ndimakhulupirira zoti akufa amalondola nsalu. Koma kuyambira dzulo ndikangotseka maso ndikuona amayi ku Zomba, kumene sanafikeko ali moyo. Akuyenda m'misewu yokwera ija opanda juzi, akusuzumira m'matchalitchi a eni, m'maminibasi, akuyang'ana misana ya azimayi osawadziwa. Madiresi anayi, nyumba zinayi, ndipo ngakhale imodzi sindikuidziwa.

M'mawa uno ndinapita kuseri kwa chimbudzi n'kuimbira Tadala. Anathamangira kumsika osadya. Atabwerako anandiimbira nati a Nachisale akupepesa kwambiri za maliro, koma ogula kaunjika salembedwa maina. Kenako Tadala anati, "Rozi, unene kuti chikwama china chinabedwa mu minibasi ku Limbe. Zimachitika tsiku lililonse. Palibe angakutsutse."

N'zoona, palibe angatsutse. Amayi aakulu angatukwane akuba a ku Limbe, azakhali angawoloke kubwerera kwawo, ine n'kukhalabe mwana wabwino amene anapita ndi madiresi kusukulu. Ndaliyeseza bodzalo kangapo pansi pa mtengo uno ndipo likutuluka bwino. Likutuluka mosavuta ngati lija la kamera.

Ndinkaganiza kuti ndinachoka kwathu kosauka kupita kumene anthu amadziwa kuvala. Sindinadziwe kuti kuno msika wonse unkandiveka, kuti mayi wogula milamba iwiri ankabwerera kwawo akudziwa kuti diresi la Esinati lakhala pa desiki ku Zomba. Anthu amenewa akhala akufunsa za madiresi chaka chonse. Ayenera kumva kumene anapita, ndipo amve kwa ine.

Mawa ndidzadzuka azimayi asanatenge mabeseni. Amayi aakulu amasesa pabwalo okha kukangoyera. Ndidzapita ndi chikwama, ndidzagwada, ndidzatsegula zipi ndekha kuti aone siketi yakuda, kajekete ndi lamba. Akadzafunsa kuti lobiriwira lili kuti, sindidzatchula Limbe. Ndidzawauza kuti ndinalisita ndi manja anga, ndinalipachika pamsika, ndipo ndinalisinthanitsa ndi jinzi.