Anapempherera Sofiya, Wodwala Ali Neliya

Tinanyamuka ku Mbamba Bay dzuwa litangotuluka, mdzukulu wanga Neliya ali kumsana, thupi lake likundiwotcha ngati mwala wa masana. Malungo anali atamufikitsa pokomoka. Mayi ake anali ndi pakati potopa, bambo ake ali kunyanja. Linali tsiku lolima m'munda wa ujamaa, munda wa mudzi wonse, ndiye ndinadzera kwa balozi, mkulu woyang'anira nyumba khumi za kwathuko, kukatsanzika. Ndinangoti mwana wadwala, kumene tikupita sindinanene. Ine ndinabadwira kutsidya, ku Nkhotakota, ndipo zaka zimenezo munthu wakutsidya ankayenda atatseka pakamwa.

Pafupi ndi doko tinapeza lole ya ushirika, bungwe la alimi, yonyamula mchere kupita ku Kihagara. Dalaivala anati shilingi zitatu. Ndinati ndilipira potsika.

"Bibi, ngakhale gari ya ushirika simuikhulupirira?"

"Matayala ake ndawaona," ndinatero.

Inu amene simunayendepo msewu umenewo, dziwani kuti anaulambulira mbuzi. Pamlatho uliwonse amuna ankatsika kukayala bwino mitengo, ife tikugwira mtima m'manja. Mayi wina amene anakhala pathumba la mchere pafupi nane anandipatsa nthochi ya mwana. Ndinathokoza bwinobwino, ndipo pamlatho wotsatira nthochiyo inagwera m'madzi. Kenaka anafunsa dzina la mwanayo.

"Sofiya," ndinayankha.

Kwathu dzina la wodwala sulipereka kwa mlendo. Munthu wa mankhwala oipa akasowa tsitsi kapena kansalu, dzina lokha limamukwanira.

Dzuwa lili paliwombo tinatsika pachipatala cha mishoni. Anatilandira namwino wamfupi, wa maso ofiira ndi tulo. Atamva Chiswahili changa chotsimphina anayamba kundilankhula m'chinenero chakwathu, ndipo ine mantha anachita kuwonjezeka. Nayenso ndinamuuza kuti mwanayu ndi Sofiya. Ndinamutsatira mpaka pamene ankawiritsira singano, ndinaona ndi maso anga madzi akubwadamuka. Pobaya jakisoni anapeza chingwe chimene ndinamanga m'chiuno mwa mwana. Anangochikankhira m'mwamba ndi chala.

M'mawa mwake belu litalira ndinaona chimene sindinaonepo. Dokotala, anamwino, wosesa ndi mayi wochapa nsalu za magazi anaima pamodzi pakhomo la chipinda cha odwala, nkuimba nyimbo ya tchalitchi imene ndinkaiimba ndili mtsikana, mawu okha ndiwo anali a Chiswahili. Atatha, namwino uja anayamba kuyenda bedi ndi bedi. Ankaika dzanja pachipumi cha wodwala ndi kumutchula dzina, popanda pepala m'manja. Ndinaliyang'anitsitsa dzanja limenelo. Linkapemphera, komanso linkayesa kutentha kwa thupi. Atafika pathu anati, "Ambuye, mukumbukireni Sofiya." Onse anati amina, nkupitirira.

Jakisoni amalowa m'thupi limene wabaya, koma pemphero limatsata dzina. Ndinaona m'maganizo Sofiya wina wa ku Mbinga akunenepa ndi mapemphero a mdzukulu wanga, wangayo akutsirizika. Ndinakoka diresi ya namwinoyo.

"Mwana wanga, bwererani."

"Chavuta n'chiyani, agogo?"

"Uyu si Sofiya."

Mayi wa pabedi loyandikana nafe anati, "Bibi waba mwana wa eni," ndipo ena anaseka. Chipinda chinali chodzaza ndi anthu osawadziwa, makutu onse ali tcheru. Ndinatsitsa mawu.

"Ndi Neliya."

Namwinoyo sanandikalipire. "Ndinadziwa dzulo lomwe, agogo. Ndinkaitana Sofiya, mwana ali duu. Inu mutanong'oneza kuti Neliya, anatsegula maso. Ndimadikira kuti mulipereke nokha."

Dokotala anali atavala kale mipira yake yomvera m'chifuwa, ndipo kunja odwala anali atandanda. Namwino anamukodola, iye nkubwerera. Wosesa anatsamiritsa tsache kukhoma, wochapa anapukuta manja. Onse anazungulira bedi lathu nkuyambanso pemphero, chifukwa cha kamwana ka mayi wakutsidya amene anawanamiza.

Patapita masiku Neliya anamwa phala, kenaka anayamba kulirira usipa wowotcha. Namwino anati wolirira ndiwo wachira, tizipita.

Mpaka lero nthochi ya mlendo sindidya, ndipo sindinganene ngati mwanayo anachira ndi singano kapena ndi pemphero. Pachipatala paja ankagwira ziwirizi ndi dzanja limodzi, osazisiyanitsa.

Pobwerera tinakwera lole yomweyo, tsopano itanyamula chinangwa chouma. Bambo wina anafunsa dzina la mwana.

"Sofiya," ndinatero.

"Agogo, ine ndine Neliya," mwana anadandaula.

"Khala chete, iwe. Dzina lako tasiyira anthu odziwa ntchito yake."