Bokosi lodula moni

Ndinayamba ndi burashi ndi penti, kulemba zikwangwani za magolosale pa Mitundu. Nditagula laputopu yapakaunjika ndinasamukira ku makadi a ukwati, kenako masamba a pa intaneti. Ine ndinkajambula maonekedwe okha: mtundu uwu apa, chithunzi apo, zilembo zonenepa pamwamba. Woti tsambalo ligwire ntchito anali msuweni wanga wamkazi wa ku Nathenje, amene anaphunzira khodi, malamulo aja olembedwa m'mizeremizere ouza kompyuta chochita. Ndikangowayang'ana, mutu unkandiwawa.

"Asuweni, phunziraniko pang'ono," ankatero iye. "Tsiku lina ndidzasamukira ku Joni, mudzalira."

"Wojambula nyumba saponda dothi la njerwa," ndinkamuyankha motero, ndili phee ndi nzeru zangazo.

Amayi ake, azakhali anga, anasankha fodya pa esiteti zaka zambiri mpaka chifuwa chinayamba kuwavuta. Atasiya, anatsegula nazale kuseri kwa nyumba: mbande za mango, mapeyala, msangu ndi mtangatanga, zonse m'timachubu takuda. Anatiuza mosabisa kuti mbandezo zikapanda kugulidwa mvula isanathe, abwerera ku fodya, pakuti akapitawo anawalonjeza kuwasungira malo. Ife awiri sitinafune kumva zimenezo, ndiye tinati tiwapangire tsamba.

Ndinalikongoletsa ndithu, sindikudzitama. Pansi pake ndinaika kabokosi kamodzi kolembamo uthenga. Msuweni ankafuna lina lolembamo nambala ya foni, ine ndinakana kwamtuwagalu kuti tsamba la azakhali lisaoneke ngati fomu ya ku banki. Anangopukusa mutu n'kulemba khodi yoti izisunga mawu okwana m'kabokosi kangako basi. Ndinayesa polemba kuti "Ndikufuna mbande," uthenga n'kufika bwinobwino pa foni yanga, poti ya azakhali inali ya mabatani. Tinamata mapositala m'misika, n'kuyamba kudikira.

Mauthenga anabweradi. Loweruka lililonse ndinkapita ku Nathenje kukawawerengera. Woyamba unati: "Muli bwanji amayi? Ife kuno tadzuka bwino, kaya inu ndi ana kumeneko. Mvula kuno ikugwa bwino ndithu, chimanga chay". Unathera pomwepo. Wachiwiri unafunsa za thanzi la banja lonse n'kuima pa liwu lakuti "tsono". Ena onse chimodzimodzi.

"Anthu a pa intaneti ngaulemu," anatero azakhali sabata yoyamba, akumwetulira. Yachitatu sanamwetulire. "Mwanawe, moni tamva. Nanga akugula liti?"

Ndinanamizira netiweki, monga timachitira tonse. Koma nditakwera minibasi yobwerera, ndinati ndilembe ndekha uthenga monga angalembere munthu wakwathu woleredwa bwino, amene sangafike pakhomo pa mwini n'kuyamba ndi mtengo wa katundu. Ndinapereka moni wokwanira, ndinafunsa za ana, ndinanena chimene ndikufuna, nambala yanga kumapeto. Chimene chinafika ndi moni yekha. Ndinachita manyazi ngati ndagwidwa ndi nkhuku ya eni m'thumba. Anthu ankalemba zonse, kabokosi kanga n'kumataya zofunikazo.

Vuto linali lakuti msuweni anali ali pachidikiro kuchipatala, masiku ake atayandikira. Ndinagula nthochi, ndinanyamula laputopu, n'kukamupeza atakhala pa chitenje pansi pa mtengo. Nditamufotokozera anaseka mpaka amayi anzake anamudzudzula kuti achira tsiku lisanakwane.

"Tandikonzere, chonde," ndinatero.

"Zala zatupa izi, simukuona? Khalani pansi, asuweni. Lero muponda dothi."

Anangondiuza fayilo yoti nditsegule ndi liwu loti ndifufuze, iye n'kuyamba kusenda nthochi zanga. Mizere ija inali mbwee, ine thukuta kamukamu. Ndinaipeza nambala yoletsa mawu kuchuluka, koma poisintha ndinafufutanso kachizindikiro kena kochepa ngati nyerere. Tsamba lonse linangoti mbuu, lopanda mango, lopanda chilichonse. Msuweni anasuzumira n'kunena kuti, "Werengani mzerewo pang'onopang'ono, ngati mwana wa sitandade wani." Ndinawerenga katatu ndisanaone pamene panasowa. Nditabwezera, mango anabwerera, ndipo ndinafuula mpaka mlonda anacheuka. Dzuwa lisanapendeke ndinali nditawonjeza ndekha bokosi la nambala ya foni, lija ndinkalikana. Kunena zoona, ndinasangalala kuposa tsiku limene ndinagula laputopuyo.

Patapita masiku atatu unafika uthenga wathunthu wochokera kwa aphunzitsi aakulu a sukulu ina ya kufupi ndi Dzalanyama. Atatha moni wautali, analemba kuti aka n'kachitatu kulemba, ndipo anayamba kuganiza kuti eni nazale ndi anthu onyada. Ankafuna mbande zodzala kuzungulira bwalo lonse la sukulu. Ena anatsatira, wina wa mapeyala, wina wa msangu. Si mbande zonse zinapulumuka. Zina mizu inali itaboola kale machubu n'kulowa pansi, ndipo pozizula zinafota. Zimenezo ndimazidandaula mpaka lero, chifukwa ndinaziwononga ndine.

Tsiku limene galimoto yotumidwa ndi sukulu ija inadzatenga katundu, azakhali anaimirira pa nazale akuyang'ana mabwalo opanda kanthu pamene panali machubu. Anatsokomola pang'ono, n'kundiitana.

"Foni yakoyo ili ndi mayunitsi?"

"Alimo, azakhali."

"Imbira akapitawo. Uyambe wawapatsa moni bwinobwino, usathamange. Ukatero uwauze kuti malo aja apatse wina."