Tsiku Limene Ndinagoneka Malawi Pansi

Anzanga ntchito yoyamba anaipeza ndevu zisanamere. Ine yanga inandipeza imvi zitayamba kale kusuzumira m'makutumu. Zaka zonse za m'mbuyomo ndinkapalasa bwato la amalume, ndipo imeneyo si ntchito ayi, ndi chibale: ukapha nsomba ndi za banja, ukabwera chimanjamanja ndiwe waulesi. Sukulu ndinalekezera Sitandade 5. Musaganize kuti mutu unali wouma. Ine ndi aphunzitsi tinangogwirizana kuti tatopetsana mokwanira.

Chimene ndinatulukako nacho ndi dzanja. Zilembo zanga zinkaima njo ngati asilikali, moti asodzi ankandipatsa utoto wotsala kuti ndiziwalembera mayina pa maboti. Mwini boti akanena dzina, ndinkalemba lomwelo. Akati, "Amidu, ingolembapo chilichonse," ameneyo ndiye ankalira. Boti la mkulu wina wamitala ndinalilemba kuti "Lero Ndigona Kuti?" ndipo doko lonse linaseka mpaka mwini wake anayamba kulikocheza kutali.

Boti limenelo ndi limene linandipezera ntchito. Analiona a Mhone, mmisiri wolemba zikwangwani pa boma la Nkhotakota, munthu wamfupi, wosaseka wamba, amene makolo ake anachokera ku Nkhata Bay. Anandiitanitsa, n'kundiyang'ana kuyambira kumapazi.

"Zilembo n'zabwino," anatero. "Mutu ndiye wowola. Ubwere Lolemba, koma mutuwo uusiye kunyumba."

Inali nyengo ija zipani zitangochuluka, sukulu ya pulayimale itangokhala yaulere, ana atadzaza mpaka pansi pa mitengo ya mango. Makolo ankaumba njerwa n'kumanga midadada yatsopano, ndipo sukulu iliyonse inkafuna mapu a Malawi pakhoma. Miyezi yoyamba bulashi ndinkaigwira poitsuka m'palafini basi. Ndinkapala khoma ndi sandipepa, kupaka utoto woyera woyamba, kugwira makwerero. Kenaka anandiphunzitsa chinsinsi cha mapu, chimene si chinsinsi konse. Umatenga mapu ang'ono a m'buku, n'kuwalemba timabokosi ndi pensulo. Pakhoma umayeza ndi tepi, kutenga chingwe chopaka makala, kuchikoka kuti chilimbe, n'kuchithwanitsa: mzere wowongoka watsala. Ukatero cham'litali ndi cham'mbali, khoma lonse ladzaza mabokosi aakulu, ndipo chimene chili m'kabokosi ka m'buku umachisamutsira m'bokosi lake la pakhoma. Choko kaye, utoto pambuyo.

Dziko lathuli, kwa amene sanalijambulepo, ndi losautsa. N'lalitali, lowonda, lopindikapindika ngati chinangwa chomera pamiyala. Kumutu kuli Tanzania, m'nthiti muli Zambia, ndipo Mozambique watikulunga m'chiuno ngati chitenje. Ukalakwitsa pang'ono ku Mchinji wapereka munda wa munthu kwa eni ake ena.

A Mhone anali ndi malamulo awiri. Loyamba: zigawo zitatu zija, kumpoto, pakati ndi kumwera, osazipaka mitundu yosiyana. Masiku amenewo mtundu uliwonse wowala unali ndi chipani chake, ndipo chipani chilichonse chinali ndi kwawo. "Dziko lonse utoto umodzi, wa dothi," ankatero. "Dothi silivota." Lachiwiri: m'nyanja osajambulamo mzere wa malire. "Akuluakulu akukanganabe za madzi amenewo. Iwe paka buluu, ika Likoma ndi Chizumulu, tsika."

M'thumba la malaya ankasungamo bulashi yaing'ono ya ubweya wofewa, yolembera mayina. Ine ngakhale kuinunkhiza sankalola.

Tsono tinapeza ntchito pa sukulu ina cha ku Benga. Aphunzitsi aakulu, a Phiri, anasankha khoma la kumapeto kwa mdadada, loyang'ana kumpoto, kumene kunali njira yolowera, kuti mlendo aliyense azilandiridwa ndi mapu. Titangothwanitsa zingwe, uthenga unafika woti kwawo kwa a Mhone kwagwa maliro. Anatulutsa bulashi ija n'kundipatsa ngati akundipatsa mwana wakhanda.

"Alendo a ku maphunziro akubwera Lachisanu kudzatsegula mdadadawu. Umalize wekha. Mapuwa akawalandira, bulashiyi ndi yako. Akawakana, ubwerera ku bwato la amalume ako."

Bwato limenelo ndinkalidziwa bwino. Linkadontha, ndipo amalume ankatukwana kuyambira pokwera mpaka potsika.

Ndinagwira ntchito ngati munthu wolodzedwa. Pofika Lachinayi m'mawa Malawi anali ataima pakhoma, kuyambira Chitipa pafupi ndi malata mpaka Nsanje pafupi ndi maziko. Shire ndinamutulutsa bwinobwino ku Mangochi, Mulanje ndi Nyika ndinaziika timizere ta mapiri, Lilongwe kanyenyezi. A Phiri anabwera ndi buku lawo, kuyerekeza bokosi ndi bokosi, n'kugwedeza mutu kuti zili bwino. Ndinayamba kuyenda ngati ndagula galimoto.

Cha m'ma teni inafika komiti ya makolo. Wapampando anali Mayi Asiyatu, wogulitsa mpunga, mwana wa amalume omwe aja, ndiye kuti msuweni wanga. Inu mukudziwa za chisuweni: timanyozana kuyambira tili ana, ndipo palibe amene amapita nazo kubwalo. Anaima patsogolo pa khoma, manja m'chiuno, nthawi yaitali.

"Amidu, nyanja ili kuti?"

"Ndi iyo yabuluuyo, amayi. Kapena maso anatsalira m'mpunga?"

"Ndikufunsa nyanja yeniyeni, imene unakuliramo iwe."

Ndinaloza kumanzere.

"Nanga yako wapakayo ili mbali iti?"

Ndinayang'ana. Inali kumanja. Munthu woyang'ana khoma lija ankapenya kumwera, choncho dzanja lake lamanja linkaloza kumapiri a ku Ntchisi. Nyanja yanga yokongola ija inali italoza kumtunda, ndipo Kasungu ndi Mchinji zinali mbali ya kumadzi.

Muyenera kumvetsa kuti kwathu kuno sitiyenda ndi kum'mawa ndi kumadzulo. Tili ndi kunyanja ndi kumtunda. Mwana amadziwa mbali ziwirizi asanadziwe dzina la bambo wake. Ukafunsa kumene kuli mpeni, akuuza kuti uli cha kunyanja kwa mtondo. Ndiye kuwauza anthu otere kuti nyanja ili kumtunda kuli ngati kuwauza kuti mutu uli kumapazi.

A Phiri anayesa kufotokoza mwaulemu kuti mapu onse padziko lapansi kumpoto kumakhala pamwamba, kum'mawa kumanja, ndipo pamayeso ana adzakumana ndi omwewo. Ankanena zoona. Koma Mayi Asiyatu anati, "Aphunzitsi, njerwa izi tinaumba ndife, madzi tinasenza ndife. Pa khoma lathu mwana wanga asaphunzirepo kuti akafuna usipa azikwera phiri."

Apa m'pamene mutu uja a Mhone anati ndiusiye kunyumba unanditsatira. Ndinati, "Musadandaule asuweni, tikawauza a boma asamutse nyanjayo, aitengere ku Ntchisi. Inunso mpunga muzikalima komweko."

Anthu anaseka, iwo ayi. Anatuma amayi awiri, ndipo posakhalitsa anabwera ndi ndowa ya laimu, yotsala popaka zimbudzi, ndi tsache lomwe. "Tifufuta. Alendo aone khoma loyera kusiyana n'kuona bodza."

Wina anati tijambule kukhoma la kuseri, kumene nyanja ikanagwera mbali yake. Koma kuseriko kunali thengo ndi dzenje la zinyalala, ndipo utoto wanga unali utatsala wongokwanira kupaka chitseko. Mphunzitsi wina wochokera ku Nsanje anapezerapo mwayi wodandaula kuti kwawo ndakuika pansi pamene mbuzi zimadzikanda. Msodzi wina wa ku Karonga, amene anakhazikika kwathu kuno kalekale, anati iye zake zili bwino, kwawo kuli pamthunzi wa malata. Phokoso linakula. Tsache linali litaviikidwa kale. Ine m'makutu ndinkangomva mawu a amalume akundiuza kuti ndikape madzi m'bwato.

Sindinganame kuti ndinaganiza mwanzeru. Ndinangofuna kuti tsachelo litalikirane ndi khoma. Ndinalanda ndowa ija n'kuthamangira nayo pakati pa bwalo pamene ana amafola m'mawa.

"Dikirani! Dzikoli lalakwa chifukwa taliimiritsa. Dziko siliima, limagona. Tiyeni tiligoneke."

Ndinatenga chingwe changa, kukhoma zikhomo, kukanda mabokosi pamchenga ndi ndodo, lililonse sitepe imodzi yaikulu. Mutu wa dziko ndinaulozetsa kumpoto kwenikweni, kumene kumapita msewu wa ku Dwangwa. Ndiye ndinayamba kudontheza laimu ndi chitini chobowola, bokosi ndi bokosi, a Phiri atagwira buku n'kumandiwongolera: "Pindani pang'ono apo, mwadya Dedza." Dzuwa linali litakwera, thukuta likulowa m'maso. Pamene ndinkatseka mzere ku Nsanje, nyanja ya pamchenga inali itagona mbali ya nyanja yeniyeni, mapiri mbali ya mapiri.

Ndinagwira Mayi Asiyatu pamkono. "Bwerani asuweni, ndikuperekezeni kwanu. Mwayenda mokwanira." Ndinawaimika pa Nkhotakota, nkhope kumpoto. "Tambasulani dzanja lamanja."

Anatambasula. Chala chinadutsa pa nyanja ya laimu n'kukaloza kumene mphepo ya kunyanja inkachokera.

Amene anayamba kulowamo ndi msodzi wa ku Karonga uja. Anayenda sitepe zake mpaka kumutu kwa dziko n'kufuula kuti, "Ndafika kwathu osalipira basi!" Basi, bwalo lonse linalowa m'dziko. Mphunzitsi wa ku Nsanje anakaima kwawo n'kumadzikupiza ndi buku kuti kukutentha. Mayi wina wokwatiwa kuchokera ku Mangochi anatsetsereka ndi gombe n'kumaitana mwamuna wake kuti abwere adzaone kumene anakamutenga. Wina anaima pa Zomba n'kumadandaula kuti likulu analilanda, wa pa Lilongwe n'kumuyankha kuti akadandaule kwa amene anasamutsa. Madala awiri amene anagwirapo ntchito m'migodi anatuluka m'dziko cha kumwera, kuyenda mpaka ku mpanda wa sukulu, ati akupita ku Joni.

Mkulu wina wa kumzikiti, wokalamba kwambiri, sanaseke nawo. Anaima pa Nkhotakota pambali pa Mayi Asiyatu, n'kuwoloka nyanja ya laimu ija pang'onopang'ono ndi ndodo yake mpaka tsidya. "Agogo anga ankati pano pakali Kota Kota, madau, zombo zamatanga zija, ankadutsa njira imeneyi atanyamula anthu ogulitsidwa. Owoloka apa sankabwerera." Atatero anatembenuka, kuwolokanso, n'kudzaima pamene anachokera. "Koma ine ndabwerera," anatero, ndipo anthu anapuma n'kuyambanso kuseka.

A Phiri sanataye mwayi. Anatulutsa ana a Sitandade 6, kuwayendetsa kuchokera ku Chitipa mpaka ku Nsanje, kenaka n'kuwatembenuzira kukhoma. "Lija ndi lomweli, kungoti talidzutsa kuti likwane m'buku." Ana anavomera msanga kuposa makolo awo.

Ndinafunsa Mayi Asiyatu ngati tifufutebe. Anasuzumira m'ndowa. Laimu yense anali atathera pansi.

"Wandibera laimu, chitsiru iwe," anatero. "Chabwino. La pakhomalo likhale la mayeso. Lathu ndi ili. Koma mvula ikalichotsa, ndidzakupeza."

Mvula sinalichotse, chifukwa makolo omwewo anabweretsa njerwa zotsala n'kuzikwirira motsatira mzere wa laimu, ndipo pambuyo pake anathiramo simenti. Alendo a Lachisanu anaima pa khoma kanthawi kochepa, koma pabwalo anachedwapo, aliyense akufunafuna kwawo ndi nsapato.

A Mhone atabwerako kumaliro ndinawatengera komweko. Anayendera khoma, osapeza cholakwa. Anayendera pansi, manja kumbuyo, n'kukaima pa Nkhata Bay nthawi yaitali, poti n'kumene anali atangoika m'bale wawo. Kenaka anati, "Ndinakuuza kuti mutu uusiye kunyumba." Ndinatulutsa bulashi kuti ndibweze. Anayang'ana kumbali. "Uziitsuka ndi palafini woyera, osati wotsukira zinazo."

Ndagwira ntchito imeneyi mpaka maso atayamba kuona zilembo ziwiriziwiri, ndipo chimene ndinatola tsiku lija ndi ichi: usanatsegule chitini cha utoto, kaime pamene mwini khoma adzaime, umufunse kuti nyanja yake ili mbali iti. Buku silinama, koma buku silikhala m'mudzimo.

Chaka chatha ndinadutsako pa kabaza. Khoma lija analipaka zina, za kusamba m'manja. Dziko la pansi lija lilipobe. Chitipa ndi Nsanje zikadali zosalala ngati zatsopano, koma pa Nkhotakota simenti inadyeka mpaka panakumbika kadzenje, poti aliyense wofika amayamba waponda kwawo. Mvula ikagwa mumadikha madzi, nkhuku n'kumamwa. Msuweni wanga, amene tsopano akuyendera ndodo, akuti ndi umboni woti ntchito yanga inali yachinyengo. Ine ndimamuuza kuti phazi loyamba kukumba dzenje limenelo linali lake.