Sukulu ya pa Mpopi wa ku Mtendere

Nditangokwatiwa, amuna anga ananditenga kumudzi kwathu ku Katete n'kupita nane ku Mtendere, mumzinda wa Lusaka, kumene ankagwira ntchito yomanga nyumba. Sindinade nkhawa, popeza ndinkamva kuti ku Lusaka amayankhula Chinyanja. Koma abale, chinali Chinyanja china!

Sabata yoyamba ndinakwera basi ndekha kuchokera m'tauni. Kondakitala ankangokuwa kuti, "Baseluka? Baseluka?" Ine phee, kudikira kuti afunse otsika. Basi inandipitiriza mpaka kumapeto, ndipo ndinabwerera wapansi.

Nditafika ndinafotokozera mayi ena oyandikana nafe nyumba, Abemba ogulitsa tomato pamsika. Anaseka mpaka misozi.

"Iwe mwana, kuseluka ni kuchoka mu basi! Mailo ubwele, nikupunzise vinthu."

Kuyambira pamenepo, m'mawa uliwonse tikamatunga madzi pampopi ankandipatsa mawu awiri kapena atatu. Mawa ndi mailo, nkhwani ndi chibwabwa, kholowa ndi kalembula. Anandiletsanso kugwadira wogulitsa makala. "Akaona so, azakukwezela mtengo," anatero.

Patapita miyezi, mayiwo anabwera kwathu nkhope ili yakugwa. Mwana wawo wamkazi anali atapeza mwamuna wa ku Chadiza, ndipo makolo a mnyamatayo ankabwera Loweruka.

"Bantu ba kwanu bakamba vozama," anatero. "Nizabayankha bwanji?"

Ndinawapatsa mpando, ine n'kusanduka mphunzitsi. Masiku atatu tinalimbana ndi malonje. Lilime lawo linkakana: ndikati "mwadzuka" iwo ankati "mwazuka". Tinkaseka mpaka amuna anga kusuzumira pakhomo.

Loweruka ndinapita kukawathandiza kuphika, koma makutu anali pabalaza. Alendo atakhala, ndinamva mayi aja akuwomba m'manja.

"Takulandirani ndi manja awiri, asewere. Mwayenda bwanji?"

Bambo a mnyamatayo anadabwa. "Kodi amayi, kwanu n'kuti?"

"Ni ku Kasama, kwa Babemba," anayankha, ndipo nyumba yonse inafa ndi phwete.

Kenako mayi aja anandikoka dzanja kuchokera kukhitchini, ufa uli m'zala, n'kuuza alendowo kuti aphunzitsi awo ndi ine. Nditatchula mudzi wathu, zinapezeka kuti bambowo ankawadziwa amalume anga, anaphunzira sukulu imodzi. Anandifunsa za aliyense wa kwathu mpaka tiyi wawo anazizira, ndipo pa ukwatiwo anandikhazika mbali ya akuchimuna.