Sipika ya laputopu yanga yaulula chinsinsi cha munthu

Inu achimwene okonza malaputopu kuseri kwa depoti ya Zomba, mwandipha. Ndipo ndikuopa kuti pali wina amene mwamupweteka kuposa ine.

Ntchito yanga ndi yolemba mawu ojambulidwa. Anthu a kafukufuku amakacheza ndi amayi m'midzi ndi m'makomboni, amajambula zokambiranazo, ine n'kumamvetsera ndi kulemba liwu ndi liwu. Nkhani zake ndi za nkhanza za m'banja. Mayi aliyense asanatsegule pakamwa amalonjezedwa kuti mawu ake sadzamveka kwa munthu wina. Inenso ndinasainira lonjezo lomwelo.

Mwezi watha laputopu yanga inayamba misala. Ndikabaya mahedifoni mawu amamveka m'makutu, koma sipika ya mkati nayo imangoyankhulabe ngati sindinabaye kanthu. Lachiwiri m'mawa ndinapita nayo kushopu kwa achimwenewa. Ndinafotokoza bwinobwino, m'Chichewa chomveka, kuti ndikabaya mahedifoni sipika izikhala chete. Ndinawauza kuti zikakanika angotsegula, achotse waya wa sipikayo, ine sindikuifuna.

"Aaa, achemwali, zazing'ono izi," anatero. "Kazungulireni mumsika, mupeza zatheka."

Ndinabwerera masana. Amene mumakudziwa kumeneko mukudziwa phokoso lake. Khomo loyandikana nalo ndi la oika nyimbo m'mafoni, masipika awo akugunda mpaka tebulo kunjenjemera. Kutsogoloku oitanira maminibasi akukuwa Liwonde, Limbe, Jali. M'phokoso limenelo achimwene anandiveka okha mahedifoni, n'kuika nyimbo.

"Mukumva?"

Ndinati ndikumva. Anandivula khutu limodzi.

"Nanga kunjaku mukumva kanthu?"

Ndikanamva chiyani pamenepo? Ngakhale laputopuyo ikanatukwana amayi anga sindikanamva. Ndinafunsa ngati achotsa waya. Anati zonse zili bho, ndisadandaule. Ndinalipira, ndinathokozanso. Taganizani, kuthokoza!

Ine ndimakhala ku Matawale, nyumba za mdadada. Aneba akatsokomola ndimamva. Lachinayi masana kunali kotentha, zenera ndinalitsegula. Panja amayi a pamdadada ankachapa pampopi. Ndinavala mahedifoni n'kuyamba ntchito, mtima uli m'malo, poti katswiri anali atakonza.

Amene ankayankhula anali mayi wina, dzina lake ine sanandipatse, amangondipatsa nambala. Ankafotokoza mmene mwamuna wake amamumenyera. Anatchula chimene amamumenya nacho. Anatchula mayina a ana ake. Kenako anatsitsa mawu, anayamba kunong'ona, ine n'kukweza voliyumu mpaka pamapeto kuti ndisaphonye liwu. Ankanena za tindalama timene akubisa, ndi za mchimwene wake amene adzabwere kudzamutenga ndi ana mwamunayo ali kuntchito.

Ndinali mkati molemba pamene kuwala kwa pazenera kunachepa. Nditadzutsa mutu ndinaona Abiti Mussa, aneba anga, ataima pazenera, thovu la sopo lili m'manja. Kumbuyo kwawo amayi ena, onse atatchera khutu. Ndinavula mahedifoni.

Mayi uja anali akuyankhulabe. Mokweza. M'chipinda monse, mpaka panja.

Ndinatseka laputopu, koma zinali zitatha kale.

"Aneba, ndi wailesi yanji imeneyo?" anafunsa Abiti Mussa. "Mawuwo ngati ndikuwadziwa."

Mayi wina kumbuyo kwawo anati, "Iii, si amake uje awa?" N'kutchula dzina la mwana, lomwe lija ndinali nditangolilemba. Anatchulanso kumene amakhala ndi ntchito ya mwamunayo. Ndinawapempha, ndinachita kugwada, kuti zimene amvazo zithere pomwepo. Onse anati ee, ife si anthu otero. Koma pampopi pamatunga nyumba zambiri, ndipo Zomba ndi tauni yaing'ono.

Lachisanu shopu isanatsegulidwe ndinali pakhomo. Oika nyimbo anali asanayatse zinthu zawo. Ndinabaya mahedifoni, ndinaika nyimbo, sipika inaimba mpaka mlonda wa tsidya lina anatembenuka. Ndinati tsegulani ndione. Anatsegula monyinyirika. Waya wa sipika uli pamalo pake, ndi fumbi lomwe losakhudzidwa.

Ndinafunsa kuti ndiye Lachiwiri munakonza chiyani? Anati anatsitsako voliyumu. Basi. Ndiye ukatswiri wake umenewo, kutsitsa voliyumu! Ndinafunsa chifukwa chake sanachotse waya monga ndinawauzira. Tamverani yankho:

"Achemwali, sipika yabwinobwino ngati iyi kuichotsa n'kuwononga katundu. Mukadzafuna kugulitsa laputopuyi mtengo ungatsike. Ine ndinakuganizirani."

Ndani anawauza kuti ndikugulitsa? Ndani anawapempha kuti andiganizire? Bwanji sanandiuze kuti sanachotse, ine n'kukayesa kwina? Nditawafotokozera zimene zachitika, anaseka.

"Koma nanunso mumamvera zinthu zanji zobisa chonchi? Nanga kunyumba simunayese kaye?"

Kenako anatenga kachitsulo n'kuzula wayayo. Sizinatenge nthawi yosendera nthochi. Kanthu kameneka ndi kamene ndinabwerera Lachiwiri.

Mabwana anga ndinawauza zonse tsiku lomwelo. Za ntchito yanga anati tikambirana, ndipo kunena zoona, ikatha ithe. Chimene chikundidya ndi mayi uja. Anamuimbira foni kuti amuchenjeze, foni siikupezeka. Anatuma munthu kunyumba kwake, anapeza chitseko chokhoma, anthu oyandikana nawo akungoti sakudziwa. Mwina mchimwene wake anabwera msanga. Ndikupemphera kuti zikhale choncho.

Dzulo Abiti Mussa anabwera osaodira n'komwe. Anati pageti panaima bambo wina ndi njinga, anafunsa kuti nyumba ya mayi wa kompyuta ndi iti. Iwo anamuuza kuti ndinasamuka. Bamboyo sanatsutse. Anangoyang'ana mazenera athu limodzilimodzi, n'kukwera njinga yake. Lero m'mawa ndamuona ndekha, atakhala pansi pa mtengo wa mango tsidya la msewu. Ndikuopa kuti ndi mwamuna wa mayi uja.

Anzanga amene mumagwira ntchito ndi mawu a anthu, kaya a kafukufuku, kaya a zaumoyo, musalole kuti munthu akuyesereni laputopu paphokoso la depoti. Mukafika pamalo a zii, bayani mahedifoni, musawavale, muike khutu pa laputopupo. Ngati munati achotse waya, auzeni akupatseni m'manja.

Ndipo inu achimwene, ndikudziwa kuti muwerenga izi, makasitomala anu akuonetsani. Ndalama zanga sindikuzifuna, dyani. Munati munandiganizira kuti mtengo wa laputopu usatsike. Chabwino. Tsopano ndiuzeni kumene kuli mayi uja ndi ana ake, chifukwa mpaka pano foni yake siikulowa, ndipo bambo uja akadali pansi pa mango.