Udzu Wovala Ngati Mpunga

Loweruka lapitali tinali kudambo, kupalira mpunga. Tinalipo anayi: amayi, achemwali anga a Esinati, ine, ndi alamu anga a Jailosi, amene angobwera kumene pa chikamwini. Kwawo ndi kumtunda, kolima chimanga ndi chinangwa. Mpunga amaudziwira m'mbale basi.

Amayi anawapatsa ndime yawoyawo, chapatali. Alamu anawerama m'mawa wonse osaweramuka. Dzuwa litafika pamutu, amayi anadutsa m'mbali mwa ndimeyo n'kutola mulu umene alamu anazula. Theka unali mpunga. Udzu unali chiimire m'madzi, wobiriwira bwino.

Mkamwini ndi apongozi ake sayankhulana maso ndi maso, choncho amayi anatembenukira kwa achemwali.

"Esinati, tawafunsa amunakowa. Abwera kudzalima, kapena kwawo amakolola mu Febuluwale?"

"Amayi, udzuwu sakuudziwa."

"Ndiye tidzadya kusadziwako? Amalume ako akubwera mawa. Aone okha ngati awa ndi munthu wokhala pakhomo pano."

Alamu anamva zonse. Anangoyang'ana matope.

Inu amene simunalowepo m'dambo mwina mukuseka. Koma udzuwo munauona? Tsamba ndi la mpunga, msinkhu ndi wa mpunga, kubiriwira ndi komweko. Umaonekera poyera ukatulutsa ngala, utadya kale chakudya cha mbewu.

Kwathu amati udzuwu ndi wochenjera. Amateronso ndi chiwala chofanana ndi tsamba louma, ndi gulugufe amene akatera pakhungwa amasowa. Aphunzitsi athu a sayansi amakana. Amati palibe chiwala chimene chinakhalapo pansi n'kusankha chovala. Mbalame zimadya zimene zaona. Zotsala, zija zovuta kuona, ndizo zimaswana, ndipo ana amatengera makolo. Zikatero mibadwo yambirimbiri, patchire pamatsala ziwala zonga masamba zokhazokha.

Nanga m'dambo mbalame ndani?

Ndife. Makolo athu, ndi anthu a kumaiko kumene mpunga unachokera, ankazula udzu wooneka mosiyana. Umene unawaphonya unatsala n'kubereka. Chaka ndi chaka, manja a opalira ndiwo ankasankha mbewu ya udzu, eni ake osadziwa. Diso la wopalira likamachenjera, udzu wopulumuka umanka nufanana ndi mpunga. Ndiye kuti chimene chinagwetsa alamu si ulesi. Ndi ntchito ya anthu odziwa kupalira, onga amayi.

Timakonda kuyesa mlendo ndi ntchito imene sitinamuonetse. Akalakwa timati safunsa anadya phula. Koma mkamwini afunse ndani? Kwa mkazi wake amachita manyazi, poti akufuna aoneke mwamuna wodziwa khasu. Kwa apongozi njira ndi yotseka. Mwambo umawaletsa kumulangiza, koma suwaletsa kumuweruza.

Usiku wa Loweruka alamu sanadye. Lamlungu amalume anabwera, anamwa thobwa, anafunsa za mvula, n'kumapita. Amayi sanatchule za ndime.

Lolemba nditaweruka kusukulu ndinawapeza onse kudambo. Amayi anaima pamzere, atafulatira alamu, ali ndi mapesi awiri m'manja. Anayankhula mokweza, ngati achemwali ali kutsidya kwa mtsinje.

"Esinati! Ona apa pamene tsamba lagwira phesi. Mpunga uli ndi kakhutu ndi tiubweya. Udzu ndi wosalala. Usamakhulupirire maso, uzikhudza ndi chala. Wamva?"

"Ndamva, amayi."

Achemwali zimenezi anazidziwa asanayambe sukulu. Kumbuyo kwa amayi, alamu anali atagwada m'madzi, chala chili paphesi, asanazule.