Apolisi a Maswiti

Pakhonde la sitolo yogulitsa malata ndi misomali, pakati pa wowotcherera zitsulo ndi wokonza mafoni, pali makina osokera opalasa ndi phazi. Mwini makinawo ndi mayi wosakonda zolankhulalankhula, wa imvi zongoyamba kusuzumira, tepi yoyezera ili m'khosi tsiku lonse. Mayunifomu a ana asukulu, zipi yothothoka, buluku lofuna kubweza m'chiuno, zonsezo ndi zake. Pakhondepo aliyense amamudziwa kuti ndi Telala. Koma kunyumba anali ndi dzina lina limene anamupatsa amayi ake omubereka. Ankamuitana kuti Apolisi.

Amayiwo anabereka ana awiri okha. Telala ndiye woyamba, ndipo patapita zaka kunabwera mlongo wake, amene anabadwa bambo awo atangomwalira kumene. N'chifukwa chake amayiwo sankamutchula dzina mnyamatayo, ankangoti "bambo anga". Bambo angawo anakulira pamsana pa Telala, anaphunzira kuyenda atagwira diresi la Telala, ndipo jekete limene anavala tsiku lokwera ndege linasokedwa pamakina omwewa. Anapita kukagwira ntchito ya m'hotela kudziko lina lamchenga, kenako anasamukira kudziko lozizira n'kukwatira komweko. Anthu a mumsewu wawo anangomupatsa dzina loti Wakunja.

Tisamunamizire, Wakunja sanaiwale kwawo. Akangomva kuti wina akubwera kuno, ankamusenzetsa kaphukusi ka amayi. Munkakhala chokoleti chakuda chokulungidwa m'pepala lonyezimira, mabisiketi a batala m'chitini chozungulira, zipatso za kanjedza zouma zomata m'zala, ndi chotsekemera china cha chitowe chimene chinkasungunuka chisanafike pamano. Koma chimene chinawatenga mtima amayiwo chinali timakeke tina tating'ono, topyapyala ngati mapepala osanjikiza, tomira mu uchi, m'kati muli mtedza wobiriwira. Dzina lake lenileni linkawapinda lilime, ndiye iwo ankangoti "timapepala ta bambo anga".

Zonsezi zinkakhala m'kabati ya magalasi pabalaza, kiyi ali m'khosi mwawo. Anzawo akabwera kudzacheza ankawanyemera pang'onopang'ono ngati mankhwala, uku akufotokoza kuti izi kumeneko amamwera khofi wowawa, izi amadya kukazizira kwambiri. Mukanawamva mukanati anakhalako zaka khumi, chonsecho ngakhale bwalo la ndege analiona kamodzi kokha, ali kunja kwa mpanda.

Kenako amayiwo anayamba kumva ludzu losatha, kutuluka panja pafupipafupi, thupi n'kumangotha. Kuchipatala anati ndi matenda a shuga, ndipo afika kale patali. Adokotala sanayang'ane wodwalayo, anayang'ana Telala n'kumuuza kuti zotsekemera zonse zitheretu, apo ayi adzayamba kuwadula amayiwo chiwalo chimodzichimodzi. Telala anasamuka kunyumba yake ya lendi kubwerera kwa amayi ake. Mwamuna wake anapirira nyengo imodzi ya mvula, kenako ananena kuti iye sanakwatire chipatala, natenga chikwama chake. Telala sanamuthamangire. Anali ndi jakisoni wa m'mawa woti abaye.

Upolisi unayamba pamenepo. M'mawa uliwonse ankabaya chala cha amayi ake n'kudonthezera magazi pa kamakina koyezera shuga, ndipo kamakinako sikankadziwa ulemu wa akulu. Kakakwera, Telala ankayamba chipikisheni. Anapezapo chokoleti m'nsapato zawo zoyendera, mabisiketi m'thumba la jasi la malemu bambo, zipatso za kanjedza m'chitini cha mabatani. Poyamba zinali ngati masewera. Amayiwo akamva geti ikulira ankakweza manja m'mwamba n'kumauza alendo kuti abise katundu, apolisi afika. Alendo ankaseka, Telala nayenso ankaseka pang'ono. Koma nthabwala ikanenedwa tsiku ndi tsiku imamera mano.

Chimene Telala ankafuna sichinali chachikulu. Ankafuna amayi ake akhale ndi mapazi onse awiri, ndiponso kuti tsiku lina, ngakhale kamodzi kokha, adzamuyang'ane n'kunena kuti mwanangu wandisunga. Anayembekezera mawu amenewo akuwasambitsa, akuwadzoza mafuta pakati pa zala zakumapazi, akuwawiritsira masamba opanda mafuta amene iyenso ankadya omwewo kuti asawachititse nkhuli. Zimene ankamva zinali zakuti tiyi wopanda shuga ndi madzi otsukira mbale.

Telala anamuimbira Wakunja kumupempha kuti asiye kutumiza zotsekemera. Anamuuza kuti ngati akufuna kuthandiza atumize timapepala toyezera shuga, kapena nsapato zofewa zimene adokotala ananena. Wakunja anaseka, nkhope yake yonenepa itadzaza foni yonse.

"Achemwali, inu mumakonda kukulitsa zinthu. Timapepala mugule komweko. Munthu angasangalale ndi timapepala toyezera magazi? Mayi akalamba, asiyeni alaweko zabwino."

"Zabwino zakozo ziwadulitsa mwendo."

"Kamodzikamodzi sikapha munthu. Apatseni foni ndiwapatse moni."

Maphukusi anapitiriza kubwera, ndipo Telala anayamba kuwatchingira kunjira. Ankauza onyamula katunduwo kuti azifikira kukhonde kwake. Kumeneko ankatsegula n'kugawira wowotcherera zitsulo, wokonza mafoni ndi aliyense wobwera kudzayesa chovala. Wowotcherera uja anafika podziwa kusiyanitsa chokoleti cha mkaka ndi chakuda, munthu woti chakudya chake chamasana chinali buledi wouma ndi madzi. Tsiku lina Telala anatenga kamodzi ka timakeke ta uchi tija n'kuika m'kamwa, akufuna adziwe chimene amayi ake ankamudera. Anayembekeza kuti kakhala kachabechabe. Kanali kokoma zedi, kokoma moti anaimitsa makina n'kutsinzina. Zimenezo zinamupweteka kuposa kutukwanidwa, chifukwa anazindikira kuti pa mpikisano umenewu iye ndi masamba ake owiritsa sadzapambana.

Nkhani sigona panjira. Mkazi wa wowotcherera zitsulo anakumana ndi amayiwo pamzere wa kuchipatala, ndipo mwaulemu wake wonse anawathokoza chifukwa cha zokoma za mwana wawo wakunja zimene ana ake akhala akudya. Telala atafika madzulo anapeza amayi ake atakhala pampando woyang'ana pakhomo, atavala bwinobwino ngati akudikira mlandu. Sanakweze manja tsiku limenelo. Anamuuza kuti ndi wakuba, kuti nsanje yamudya chifukwa mlongo wake zinamuyendera pamene iye anatsalira pakhonde la eni ake. Telala anayesa kutchula za adokotala, koma anamudula pakamwa.

"Iwe chibadwire unandipatsapo chiyani chokoma? Tandiuza. Jakisoni ndi masamba. Mwana wanga ali kutsidya kwa nyanja koma amadziwa chimene mtima wanga ukufuna. Iwe uli pompano, ntchito kundisecha ngati mbava."

Telala analowa kukhitchini, natenthetsa madzi, nabwera ndi beseni kudzawasambitsa mapazi monga mwa masiku onse. Amayiwo anapereka mapaziwo koma nkhope anayang'ana kukhoma. Ndi tsiku lomwelo pamene anaona kachilonda pansi pa chala chachikulu, kakang'ono ngati kambewu ka mpunga, koma kakuda m'mbali. Mwini phazi sankamva kuwawa kulikonse.

Kuyambira pamenepo amayiwo anauza Wakunja kuti maphukusi azipita kwa mnzawo wina wa kuseri kwa msewu, ndipo mnzawoyo ankabwera nazo m'kachikwama ka m'manja Telala ali kuntchito. Akuluakulu anati chakomachakoma pusi anagwa chagada. Chilonda chinakana kupola, chala chinada, ndipo madokotala anachidula.

Apo m'pamene Wakunja anabwera, koyamba chichokereni. Anatsika galimoto ya hayala ndi masutikesi awiri, akununkhira bwino, nagwada pamaso pa amayi ake n'kulira misozi yeniyeni. Amayiwo anamusisita mutu ngati khanda. Sutikesi imodzi yonse inali ya zakudya. Nyumba inadzaza ndi anthu, ndipo Telala anakhalira kutsuka makapu kukhitchini uku akumva amayi ake pabalaza akusimba milandu ya Apolisi umodziumodzi, anthu n'kumafa nacho chiseko. Telala atamukokera pambali mlongo wakeyo n'kumuonetsa bandeji, Wakunja anamugwira paphewa n'kumuuza kuti akuoneka wotopa, ayenera kumapuma. Anamupatsa mpango wa ubweya, wa dziko lozizira, woti kuno ungomutulutsa thukuta.

Masiku amenewo Telala anagonja. Akanalanda bwanji chinthu m'manja mwa mayi mwana wawo wokondedwa atakhala pambali? Kamakina kankaonetsa manambala amene sanawaonepo, amayiwo n'kumati kawonongeka. Mlendo ndi mame, Wakunja anakwera ndege yake tchuthi chitatha. Anasiya kabati yodzaza, ndi mlongo wake woti azichapa mabandeji.

Chaka chisanathe anadula mwendo m'munsi mwa bondo. Telala anaphunzira kunyamula munthu wamkulu kuchoka pabedi kupita pampando, msana wake n'kuyamba kulira ngati chitseko chakale. Makasitomala ambiri anasamukira kwa telala wina chifukwa pakhonde ankapezekapo mwa apo ndi apo. Kenako maso a amayiwo anachita chifunga mpaka kuzimiratu. Ngakhale ali mumdima choncho, ankadziwa mapazi a mwana wawo wamkazi, ndipo akawamva ankafumbata dzanja n'kulibisa pansi pa bulangete, muli kanthu kapena mulibe. Wakunja ankaimba Lamlungu lililonse, ndipo Telala ndiye ankagwirizira foni kukhutu kwa amayi ake kuti amve bwino mmene mwana wawo akuwasowera.

Impso zitayamba kukanika anawagoneka m'chipatala. Thupi linatupa, nzeru zinayamba kubwera ndi kupita. Nthawi zina ankaitana anthu amene anamwalira kalekale. Telala ankagona pansi pambali pa bedi, pa katoni. Tsiku lina m'mawa adokotala atamaliza kuzungulira anamuitanira pakhonde la wodi. Analankhula mofatsa kuposa masiku onse, ndipo anamuuza kuti tsopano asawakanize chilichonse, chimene angafune kudya awapatse. Telala anamva tanthauzo lake. Anapempha mayi wodikirira wodwala wa bedi loyandikana kuti amuyang'anire, iye n'kukwera basi kupita kunyumba.

M'kabati munali bokosi limene mnzawo uja anabweretsa amayiwo atagonekedwa kale, losatsegula. Munali timakeke ta uchi tija. M'basi pobwerera analifumbata pamiyendo, ndipo ngakhale mtima unali wolemera, penapake munali kachimwemwe kochititsa manyazi. Kwa zaka zonsezi dzanja lake linali lolanda. Lero likhala lopereka, ndipo amayi ake adziwa kuti iyenso ankafuna kuwapatsa zokoma, kungoti ankawafuna amoyo.

Anafika dzuwa likupendeka, nthawi yoona odwala itatha, m'wodi muli zii. Anavula nsapato pakhomo chifukwa pansi panali patangokolopedwa, nayenda ndi mapazi okhaokha mpaka pabedi. Amayi ake anali chigonere, milomo itauma, maso osaonawo ali otsegula. Telala anakhala m'mphepete mwa bedi, natsegula bokosi, nanyema kachidutswa kakang'ono n'kuwaika palilime.

Poyamba sipanachitike kanthu. Kenako nsagwada zinayamba kuyenda pang'onopang'ono, uchi unatsikira pambali pa mlomo, ndipo nkhope yotupayo inamasuka. Anamwetulira kumwetulira kumene Telala anali asanakuone chiyambire matendawa. Dzanja lawo linafufuza pabulangete mpaka linapeza dzanja lake, n'kuligwira mwamphamvu.

"Bambo anga, mwabwera?"

Telala anatsegula pakamwa kuti anene kuti ndine, amayi. Asanatero, amayiwo anakokera dzanja lija pachifuwa pawo, nalisisita, zala zokhakhala ndi singano zomwezo osazizindikira.

"Ndinadziwa kuti simungandisiye. Inu nokha ndi amene mwandisunga." Anapuma movutikira, kenako anatsitsa mawu. "Koma musamuuze uja. Akamva abwera kudzalanda."

Telala anayang'ana nkhope yosangalalayo nthawi yaitali. Akanatha kulankhula mokweza, liwu lake likanadziwika, ndipo kumwetulirako kukanathera pomwepo. Anawerama mpaka pakhutu pawo n'kunong'ona, kuti liwu lisadziwike mwini wake.

"Sindimuuza, amayi. Idyani."

Ananyema kachidutswa kena.